Kamagazini ka ophunzira pakoleji: mafunso ndi mayankho

Ndife kagulu ka ophunzira kamene kamatulutsa kamagazini pa koleji ina kuno ku Blantyre. Chiyambireni, anzathu akhala akutifunsa mafunso omweomwewo, ena pa foni, ena akatipeza pachiwaya tikudikira tchipisi. Tawasonkhanitsa pano kuti tisamangobwereza. Zambiri mwa izi tinaziphunzira titapsa kale zala.

Kodi zine n'chiyani?

Ndi kamagazini kodzipangira. Mwalemba nokha, mwasanja nokha, mwapinda ndi manja anu, n'kukagawa nokha. Mawuwa ndi chidule cha fanzine, timapepala timene anthu okonda nthano za sayansi ku America anayamba kutumizirana m'zaka za m'ma 1930. M'ma 1970 achinyamata a nyimbo za punk ku London ndi ku New York anatitengera pena, poti makina a fotokope anali atafala. Ife timangoti kamagazini, ndipo aliyense amamva.

Kuno kwathu si zachilendo. Writers Group ya ku Chancellor College inayamba mu 1970, kolejiyo idakali pa Chichiri pompano isanasamukire ku Zomba mu 1973. Ophunzira ankapukusa ndakatulo ndi nthano zawo pa makina a stensulo n'kumakambirana, nthawi imene lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linali pakhosi pa wolemba aliyense. Iwo analibe laputopu, analibe PDF, koma timapepala tinkatuluka.

Masiku ano aliyense ali pa WhatsApp ndi TikTok. Pepala la chiyani?

Pepala silifuna bandulo, silifuna chaji, ndipo magetsi akazima limawerengeka ndi tochi. Kope limodzi likalowa m'hositelo limayenda chipinda ndi chipinda mpaka kuthothoka chikuto. Tinalipezapo lina pa saluni ku Chitawira patapita miyezi itatu, wina atalemba nambala ya foni kumbuyo kwake.

Sitikunyoza foni. Ifenso timatulutsa PDF, koma pakatha sabata ziwiri mapepala atayenda. Mukatulutsa zonse tsiku limodzi, anthu amatsegula PDF, n'kuona tsamba loyamba, basi yatsikira pansi pa mauthenga a gulu la kalasi.

Tikufunika anthu angati?

Anayi kapena asanu. Mkonzi, wosanja masamba, wosunga ndalama, ndi wina wamiyendo wothamangira kwa osindikiza ndi kogawa. Wachisanu akhale wa chaka choyamba kapena chachiwiri, pa chifukwa chimene tachifotokoza pa funso lomaliza.

Msonkhano woyamba mudzabwera anthu makumi awiri, onse akuwotcha. Musagawe maudindo tsiku limenelo. Itanani wachiwiri Loweruka m'mawa, muone amene abwere. Amenewo ndiwo gulu lanu. Ndipo musataye nthawi ndi kusankha pulezidenti, wachiwiri wake, mlembi wamkulu ndi malamulo a masamba khumi. Timagazini tambiri timafera pa gawo limeneli, tili ndi komiti yonse koma topanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Kodi tiyenera kupempha chilolezo kwa akuluakulu a sukulu?

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amapereka ufulu wolankhula zakukhosi pa gawo 35 ndi ufulu wofalitsa nkhani pa gawo 36. Komabe tsiku lolembetsa munasainira malamulo a koleji, ndipo amenewo ndi amene angakukhomereni msanga. Kawerengeni kabuku ka malamulo a ophunzira musanayambe, makamaka zokhudza magulu a ophunzira, kumata zinthu pa bolodi, ndi kugulitsa malonda pasukulu.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kulembetsa ngati kalabu kudzera ku bungwe la ophunzira ndi ofesi ya Dean of Students. Apo mumapeza chipinda chochitiramo misonkhano, mwina ndi kangachepe kothandizira, koma dziwani kuti wopereka ndalama amafuna aone zimene zikusindikizidwa. Kapena mutha kuima panokha, kamagazini n'kukhala ka inu eni. Ife tinasankha yachiwiriyi, koma tinapitabe kukadziwitsa akuluakulu ndi kuwasiyira kope. Kudziwitsa n'kosiyana ndi kupempha, ndipo kumathandiza tsiku limene wina adzakadandaule.

Mukaima panokha, musaike chizindikiro cha koleji pachikuto, kaya muli ku MUBAS, ku KUHeS kapena kwina. Lembaninso mkati kuti maganizo ali m'menemo ndi a olembawo.

Nanga ku boma n'kofunika kulembetsa?

Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti chosindikizidwa chizionetsa dzina la wosindikiza ndi wofalitsa, komanso kuti kope lizitumizidwa ku National Archives ku Zomba. Manyuzipepala amalembetsanso komweko. Ngati mukuganiza zotulutsa mwezi ndi mwezi n'kumalemba nkhani zongochitika kumene ngati nyuzipepala, kafunseni ku ofesi imeneyo musanayambe. Kutumiza kope musakuone ngati chilango. Ndi malo okhawo amene kamagazini kanu kadzapezeke zaka makumi atatu zikubwerazi, makope ena onse atakulungira mandasi.

Tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Zonse ziwiri, ndipo musalekere pomwepo. Pakoleji pali a ku Rumphi, a ku Mangochi, a ku Nsanje, a ku Phalombe. Ndakatulo ya m'Chitumbuka kapena m'Chiyao ikabwera, isindikizeni mmene ilili, mupeze wodziwa chilankhulocho aiwerenge kaye.

Chimene taona n'chakuti nkhani za m'Chingerezi zimabwera zitavala tayi. Munthu amene amakuseketsani mpaka kugwetsa misozi pa khonde la hositelo akagwira cholembera amayamba kulemba ngati asainimenti, mawu ataliatali opanda mchere. Tikamuuza kuti alembe mmene anatifotokozera dzulo, nkhani imadzuka. Chilankhulo cha pasukulu, chosakaniza chija, chili ndi malo ake. Musachichape.

Koma kalembedwe kakhale kamodzi m'kope lonse. Gwirizanani ngati muzilemba ŵ kapena w, ndipo ngati mwasankha ŵ onetsetsani kuti zilembo zimene mukugwiritsa ntchito zili naye, apo ayi pamatuluka kabokosi. Kumbukiraninso lamulo la l ndi r lija: r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga kulira ndi kulera, pamene kwina konse ndi l, monga kulola. Zokayikitsa zina, mabuku a Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board, ndiwo otilamula.

Anthu amalonjeza nkhani koma osabweretsa. Titani?

Chikalata chomata pa bolodi chakuti "tumizani nkhani zanu" chimabweretsa ndakatulo zachikondi khumi ndi ziwiri, zonse zonena za mtima wosweka, ndipo china chilichonse ayi. Nkhani zabwino zimachita kutumidwa. Pitani kwa munthu, mumutchule dzina, mumupatse mutu wopapatiza. Osati "lemba za moyo wa pakoleji", koma "lemba za ulendo wako wa m'mawa kuchoka ku Ndirande kufika m'kalasi ya hafu seveni, mawu 400, pofika Lachisanu". Osati "za malo ogona", koma "za tsiku limene alandilodi anakweza lendi pakati pa semesita".

Ena salemba koma amayankhula. Ajambuleni mawu pa foni atavomera, inu mukalembe. Amayi ogulitsa nthochi pageti, alonda a usiku, wa kabaza amene amadziwa wophunzira aliyense ndi ngongole yake, onsewa ali ndi nkhani zoposa za ambirife. Kawerengereni zimene mwalemba musanasindikize, ndipo kope likatuluka akhale oyamba kulandira.

Tsiku lomaliza kulandira nkhani muzinena lofulumira ndi sabata imodzi kuposa lenilenilo. Aliyense amadziwa kuti mumatero, komabe zimagwira ntchito.

Masamba akhale angati, makope angati?

Pepala la A4 mukalipinda pakati limapereka masamba anayi a A5. Ndiye chiwerengero cha masamba chiyenera kugawika ndi 4: 8, 12, 16, 20. Mukakhala ndi masamba 18, muwonjezere awiri kapena muchotse awiri, palibe kuchitira mwina.

Masamu amene timayendera ndi awa. Limu imodzi ili ndi mapepala 500. Kamagazini ka masamba 20 kamadya mapepala 5. Ndiye limu imodzi ikupatsani makope 100 ngati palibe lowonongeka, koma lowonongeka limakhalapo, choncho werengerani 90. Ka masamba 16 kamadya mapepala 4, makope 125. Kope loyamba tikulangizani masamba 12 kapena 16, makope osapitirira 100. Kuli bwino anthu azilimbirana kusiyana n'kuti katoni yodzaza izikhala pansi pa bedi lanu mpaka tsiku la graduation.

Ngati ndalama palibiretu, pali kapindidwe kotenga pepala limodzi la A4, kulipinda katatu, kulidula pang'ono pakati, n'kutuluka kabuku ka masamba 8 kokwana m'thumba la malaya. Amasindikiza mbali imodzi yokha ndipo sikafuna sitepula.

Masamba timawasanja bwanji kuti akapindidwa atsatane?

Apa ndi pamene ambiri amalirira. Tengani mapepala opanda kanthu, muwapinde ngati kabuku, mulembe manambala ndi bolopeni, kenako muwamasule. Muona kuti m'kamagazini ka masamba 16, tsamba 16 lili pambali pa tsamba 1, kuseri kwake kuli 2 ndi 15, pepala lotsatira 14 ndi 3, kuseri 4 ndi 13, mpaka pakati pamene 8 ndi 9 akumana. Masamba awiri oyandikana mukawaphatikiza azikupatsani 17. Akakhala masamba 20, azikupatsani 21. Kabuku kongoyeserera kameneka kapiteni nako kwa osindikiza.

Pa kompyuta, Word ili ndi Book fold pa zosankha za masamba, ndipo imasanja yokha. Scribus ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti. Canva ndi yosavuta koma imadya bandulo. Ena amadula ndi sizasi, kumata ndi guluu, n'kujambulitsa pa fotokope, ndipo timagazini totere nthawi zambiri timaoneka bwino kuposa ta pa kompyuta. Siyani mpata wa sentimita imodzi m'mbali monse, chifukwa makina a fotokope safika kumapeto kwa pepala.

Tikasindikize kuti, ndipo tisamale chiyani?

Makope ochepera mazana angapo, pitani pa malo a fotokope wamba. Azungulira koleji iliyonse, ndipo ku Ginnery Corner, m'tauni ndi ku Limbe aliko ambiri. Makampani akuluakulu osindikiza amayamba ndi kupanga mapuleti, ndiye mtengo wake umamveka pokhapokha makope akhale ochuluka. Funsani malo atatu. Funsaninso kuti atsitsa bwanji mukabwera ndi pepala lanu.

Ife kope loyamba linatipweteka. Tinafika madzulo, magetsi atangoyaka kumene, anthu ali pamzere ndi ma asainimenti awo. Mnyamata wa pamakinapo anatifunsa kuti, "Achimwene, tiyese kaye limodzi?" Mkonzi wathu, poona mzere ndi nthawi, anati, "Ingothamangitsani, aise, tachedwa." Makina analira kwa mphindi makumi awiri. Titapinda loyamba tinapeza kuti masamba onse akuseri ali chadodolido. Theka la limu linathera pomwepo, ndipo mapepalawo tinalembera manotsi semesita yonse. Cholakwa chinali chathu. Posindikiza mbali zonse ziwiri za kabuku muyenera kusankha flip on short edge, ndipo muyenera kutulutsa kope limodzi, kulipinda, kuliwerenga kuyambira chikuto mpaka kumapeto, musanalole ena onse.

Chinanso ndi zithunzi. Fotokope imadetsa, ndipo nkhope za anthu akuda ngati ife zimasanduka chibanthu cha inki chokhala ndi mano okha. Walitsani chithunzi chilichonse kuposa mmene mukuonera kuti n'koyenera, ndipo pewani zojambulidwa usiku. Zojambula pamanja ndi bolopeni yakuda zimatuluka bwino kwambiri. Pezani mnzanu wa Architecture kapena aliyense amene amajambula kumbuyo kwa kope lake m'kalasi.

Sitepula wamba safika pakati pa pepala. Pamafunika wamkono wautali. Akasowa, tambasulani sitepula wamba, muike kabuku pa labala, mukhome, n'kupinda mawayawo ndi lula. Singano ndi ulusi zimagwiranso. Kupinda makope 100 ndi ntchito ya anthu anayi madzulo amodzi, pali wailesi ndi chimanga chokazinga.

Ndalama tizipeza kuti?

Kope loyamba, sonkheranani. Musadikire wothandiza, chifukwa palibe amene amaika ndalama pa chinthu chimene sanachione. Mukakhala ndi kope m'manja, pitani nalo kwa a saluni, okonza mafoni, ophika nsima pafupi ndi sukulu, muwagulitse kagawo ka tsamba lakumbuyo. Kawirikawiri mwini fotokope amavomera kutsitsa mtengo mukamuikira dzina lake. Zandale zokha tinakana, ngakhale za masankho a bungwe la ophunzira. Mukalandira ndalama ya wandale mmodzi, kamagazini kamasanduka kake m'maso mwa anthu.

Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti iliyonse yolembedwa mwezi wapitawo inasanduka nthabwala. Ndalama ikangopezeka gulani limu, musunge pepala osati kwacha.

Wosunga ndalama asakhale mkonzi. Zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba zizilembedwa m'kope tsiku lomwelo, ndipo gulu lonse lizionetsedwa. Maubwenzi ambiri atha chifukwa cha ndalama yosakwana kugula nkhuku.

Tigulitse kapena tigawe ulele?

Ife timagulitsa pa mtengo wosaposa wa mandasi awiri kapena atatu. Chaulere anthu amapukutira tebulo. Koma makope khumi timapatula: a laibulale, a ku National Archives ku Zomba aja, a olemba, ndi a anthu amene tawalemba. Ngongole musapereke, ngakhale kwa mnzanu wogona naye chipinda chimodzi.

Tingalembe zodzudzula lekichala kapena akuluakulu a sukulu?

Mungathe, ndipo nthawi zina muyenera. Madzi akasowa m'hositelo sabata yathunthu, zotsatira za mayeso zikachedwa, ndalama za ngongole ya ophunzira zikapanda kufika, imeneyo ndi nkhani. Lembani zimene mwaona ndi maso, tsiku lake ndi malo ake. Kenako pitani kwa amene mukumudzudzulayo mumve mbali yake, ndipo akakana kuyankha lembani kuti anakana. Makoleji a boma amakhudzidwanso ndi lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndiye muli ndi poyambira popempha zikalata.

Chimene simungachite ndi kutchula munthu dzina n'kumuneneza mlandu umene simungauikire umboni. Kuipitsa mbiri ya munthu n'kosumirika, ndipo wosumiridwa si wolemba yekha, mkonzi ndi wosindikiza nawonso amalowa. Kubisa dzina n'kunena kuti "bambo wina wamfupi wa galimoto yofiira wa ku dipatimenti yakutiyakuti" sikukupulumutsani ngati sukulu yonse ikumudziwa. PDF ikayamba kuyenda pa WhatsApp, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 nalonso limakupezani.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya mtsikana amene wabwera kudzanena kuti mphunzitsi akumufuna chibwenzi posinthana ndi magiredi. Mumvetsereni, musamukayikire pamaso, koma musathamangire kusindikiza. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zotere, ndipo pali njira zodandaulira pasukulu komanso ku Malawi Human Rights Commission. Muperekezeni kumeneko. Kamagazini kangalembe za vutolo ndi kumene munthu angapite, popanda kuika mnzanuyo poyera.

A ku KUHeS, inu ophunzira zachipatala, za odwala a ku chipatala cha Queens musajambule kapena kufotokoza mwa njira yoti wina n'kuwazindikira. Izi mukuzidziwa kale kuposa ife.

Wolemba angagwiritse ntchito dzina lopeka?

Inde, bola mkonzi akudziwa mwini wake. Nkhani yolowetsedwa pansi pa chitseko yopanda dzina sitisindikiza. Dzina lopeka ndi loteteza wolemba wamanyazi kapena woopa kubwezeredwa, si chigoba chotukwanira anthu. Onani funso lapitali.

Chithunzi cha pa intaneti kapena ndakatulo ya wina tingaike?

Popanda chilolezo ayi. Copyright Act ya 2016 imateteza zolemba, zithunzi ndi nyimbo, ndipo COSOMA ndiyo imayang'anira zimenezi. Kulemba kuti "chithunzi: Google" si chilolezo. Jambulani zanu.

Samalaninso ndi zobwera nazo anzanu. Tinalandirapo ndakatulo yokoma mokayikitsa, ndipo titaika mzere umodzi pa intaneti inapezeka yonse, ya munthu wa dziko lina. Masiku ano palinso zolembedwa ndi ChatGPT, zosalala ngati sopo koma zosatchula ngakhale dzina la msewu umodzi wa mu Blantyre. Timangomufunsa wolembayo kuti atifotokozere pakamwa zimene ankatanthauza pa ndime yachiwiri.

Olemba anu auzeni poyambirira kuti nkhani ikadali yawo, inu mwangobwereka kuti muisindikize kamodzi.

Nkhani ya mnzathu si yabwino. Timukanire bwanji?

Pamaso, osati pa gulu la WhatsApp. Muuzeni chimodzi chimene chagwira ndi chimodzi choti akonze, ndipo mumupatse tsiku lobweretsanso. Akhale owerenga awiri pa nkhani iliyonse kuti mlandu usagwere munthu mmodzi. Ena adzakwiya ndithu, adzasiya kukupatsani moni kwa sabata ziwiri. Mkonzi nayenso nkhani yake iziwerengedwa ndi ena, ndipo asaike zake zoposa imodzi m'kope.

Tizitulutsa kangati, nthawi yanji?

Kamodzi pa semesita. Amene amalonjeza mwezi ndi mwezi amatulutsa kawiri n'kuzimirira. Yambani kutuma nkhani sabata yoyamba, mutulutse cha m'sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, mayeso a pakati pa semesita asanayambe, anthu akadali ndi kandalama m'thumba. Mukafika sabata ya khumi mulibe kanthu, dikirani semesita ya mawa. Palibe kamagazini koyenera kulembera sapu, mayeso obwereza aja.

Pachikuto lembani nambala ya kope ndi chaka, osati mwezi. Kalendala ya koleji imasuntha, sukulu imatha kutsekedwa mwadzidzidzi, ndiye kope lolembedwa "Epulo" lotuluka mu Ogasiti limachititsa manyazi.

Oyambitsa akamaliza sukulu, kamagazini katsala ndi ndani?

Funso ili ndi limene anthu safunsa mpaka mochedwa, ndiye talilowetsa tokha. Ife tinatsala pang'ono kukataya. Amene ankasanja masamba anamaliza maphunziro n'kupita kwawo ndi laputopu yake, mafayilo onse ali momwemo, pasiwedi ya imelo ili m'mutu mwake. Foni yake inabedwa mu minibasi mwezi womwewo. Tinatha semesita yathunthu tikumanganso chikuto poyang'ana kope lakale.

Chiyambire pamenepo timachita motere. Imelo ndi ya kamagazini, osati ya munthu, ndipo pasiwedi amaidziwa atatu a zaka zosiyana. Mafayilo amakhala pa Google Drive komanso pa fulashi imene imasungidwa ndi wosunga ndalama. Pali kope lachikuto cholimba mmene timalemba zonse: amene anatisindikizira, mtengo wake, amene analonjeza nkhani osabweretsa, zimene zinalakwika. Wa chaka chomaliza sakhala mkonzi. Amakhala pambali, wa chaka chachitatu n'kumayendetsa, wa chaka choyamba uja akuphunzira kusanja masamba. Kope lotuluka semesita yomaliza ya oyambitsa lizikonzedwa ndi atsopano kuyambira kutuma nkhani mpaka kupinda, akale azingoyankha akafunsidwa.

Tsiku lopatsirana timakumana pachiwaya pomwe paja. Wotuluka amapereka kope lachikuto cholimba, fulashi, mapepala otsala mu limu, ndi sitepula wamkono wautali, amene timamata dzina la kamagazini ndi selotepi chifukwa anabwerekedwapo kawiri osabwezedwa.